Ngati dziko likukokabe ISS, bwanji siigwa, nanga bwanji saizunguza kuti anthu aponde pansi?

Funso: Ndili Fomu 4. M'kalasi la fizikisi tinaphunzira kuti chinthu choyenda mozungulira chimafuna mphamvu yochikokera pakati, ndipo tinapatsidwa fomula ya v²/r. Koma pa vidiyo za ku International Space Station (ISS), siteshoni ya m'mlengalenga yozungulira dziko, anthu amangoyandama, kusonyeza kuti kumeneko kulibe mphamvu yokoka ya dziko. Ndiye chikuikokera pakati n'chiyani? Komanso ngati kuzungulira kumachititsa munthu kumva kulemera, bwanji osangoizunguza siteshoniyo kuti anthu aziyenda ngati pansi pano?

Yankho: Poyamba tayani ganizo lakuti kumeneko kulibe mphamvu yokoka ya dziko, chifukwa mukaligwiritsitsa zina zonse zisokonekera. Mphamvuyo iliko, ndipo ndi yochuluka. ISS imayenda pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi. Ukamva 400 umaona ngati n'kutali, koma kukoka kwa dziko kumawerengedwa kuyambira pakatikati pa dziko, ndipo kuchokera pamenepo kufika pomwe tikupondapa pali makilomita 6,371. Ndiye ife tili pa 6,371, siteshoniyo ili pa 6,771. Kukoka kumachepa potsata mtunda wochulukitsidwa ndi iwo womwewo, choncho (6,371 ÷ 6,771)² imatipatsa 0.885. Pansi pano chinthu chikamagwa, liwiro lake limawonjezereka ndi mamita 9.8 pa sekondi m'sekondi iliyonse, zomwe timalemba kuti 9.8 m/s². Kumtundako ndi 8.7 m/s². Pakanakhala nsanja yotalika makilomita 400, munthu wa makilogalamu 70 ataima pa sikelo pamwamba pake, sikeloyo ikanawerenga pafupifupi 62.

Chinthu chikamayenda popanda chochikankha kapena chochikoka chimapita molunjika pa liwiro lomwelo, osakhota. Ili ndi lamulo loyamba la Isaac Newton, lofalitsidwa mu 1687. Kuti chikhote, china chake chiyenera kuchikoka cham'mbali, ndipo kuti chizizungulira, kukokako kusaleke komanso kuziloza pakati nthawi zonse. Yesani nokha pabwalo. Mangani chingwe cha mita imodzi ku chitini, thiranimo madzi mpaka theka, ndipo muchizunguze chizikwera pamwamba pa mutu n'kutsikira kumapazi. Dzanja limamva chingwe chikukungika, ndipo kukungikako ndiko kukukhotetsa chitinicho. Mukasiya chingwe chitini chili pansi penipeni, sichithawira pansi kutalikirana ndi dzanja. Chimapitirira kutsogolo komwe chinkaloza panthawiyo. Madzi nawo sakhuthuka bola pamwamba liwiro lisatsike kuchepera mamita 3.1 pa sekondi, kutanthauza kuzungulira kamodzi m'masekondi osakwana awiri.

Fomula ya v²/r (v ndi liwiro, r ndi mtunda kuchokera pakati) imayeza kukhota kumeneku, komwe m'buku lanu akutcha centripetal acceleration. Mfundo imene ambiri amaiphonya ndi yakuti mphamvu yokokera pakati si mphamvu yapadera yobwera kudzawonjezera pa zinazo. Ndi ntchito imene mphamvu ina yodziwika kale ikugwira. Pa chitini ntchitoyo ikugwiridwa ndi chingwe. Pa ISS ikugwiridwa ndi kukoka kwa dziko, kokhako, palibenso china.

Masamu ake ndi awa. ISS imathamanga pafupifupi mamita 7,670 pa sekondi, omwe ndi makilomita 27,600 pa ola. Chulukitsani 7,670 ndi 7,670, mupeza 58,828,900. Gawani ndi r m'mamita, 6,771,000. Yankho ndi 8.69 m/s², nambala yomwe ija tinapeza ya kukoka kwa dziko pa mtunda umenewo. Sizinangochitika mwamwayi. Pa mtunda uliwonse pali liwiro limodzi lokha limene limachititsa v²/r kufanana ndi kukoka kwa dziko, ndipo ntchito ya roketi ndi kufikitsa chombo pa liwiro limenelo.

Pa masamu amenewa anthu amaphunthwa m'malo atatu. Ena amaika 400,000 ngati r, kuiwala kuti r amayambira pakatikati pa dziko, ndipo amapeza 147 m/s², kulemera kwa pansi pano kowirikiza ka 15, kumene munthu sangakupirire kwa nthawi yaitali. Ena amalowetsa 27,600 osayamba agawa ndi 3.6 kuti akhale mamita pa sekondi. Cholakwa chachitatu ndicho choopsa, chifukwa chimamveka chanzeru: kujambula muvi wina woloza kunja n'kunena kuti mphamvu yokankhira kunja ikufanana ndi kukoka kwa dziko, n'chifukwa chake siteshoni siigwa. Mphamvu ziwiri zikanafafanizana chonchi, siteshoniyo ikanapita molunjika n'kulisiya dziko m'mbuyo. Pa chithunzi cha mphamvu jambulani muvi umodzi wokha, woloza pakatikati pa dziko.

Ndiye kodi ikugwa? Ikugwadi, sekondi iliyonse. Chinthu chogwa pa 8.7 m/s² chimatsika mamita 4.3 m'sekondi yoyamba. Koma m'sekondi yomweyo ISS yapita cham'mbali makilomita 7.67, ndipo popeza dziko ndi lobulungira, pa mtunda wotere nalonso lapendekera pansi ndi mamita omwewo 4.3. Siteshoni yatsika, pansi napo pathawa mofanana, mtunda wa pakati pawo sunasinthe. Zimapitirira choncho mpaka itazungulira dziko lonse m'mphindi pafupifupi 92, maulendo 15 ndi theka pa tsiku.

Kuyandama kwa anthu kukuchokera pomwepa. Thupi silimva kukoka kwa dziko mwachindunji. Chimene timachitcha kulemera ndi kukankha kwa pansi pa mapazi athu, kapena kwa mpando pa matako, kutiletsa kugwa. Mu ISS munthu, khoma, sikelo ndi dontho la madzi zonse zikugwa limodzi pa 8.7 m/s², ndiye palibe chimene chikutsamira pa chinzake. Ndege zophunzitsira oyenda m'mlengalenga zimachita zomwezi pa mtunda wa makilomita ochepa chabe: woyendetsa amaikweza n'kuilola kugwa mokhota, ndipo am'katimo amayandama masekondi 20 mpaka 25, mpweya uli ponseponse kunjako, dziko likukoka ndi mphamvu zake zonse.

Apa mutha kuonanso chifukwa chake roketi ikangonyamuka imayamba kupendekeka m'malo mopita m'mwamba mowongoka. Kukweza kilogalamu imodzi kufika makilomita 400 kumadya mphamvu ya majulo pafupifupi 3.7 miliyoni. Kuithamangitsa kufika 7,670 m/s kumadya 29.4 miliyoni, pafupifupi kuwirikiza ka 8. Kukwera n'kotchipa, chodula ndi liwiro la cham'mbali. Chombo cha New Shepard chimadutsa makilomita 100 m'mwamba koma chimabwerera pansi pakatha mphindi pafupifupi 11, chifukwa chilibe liwiro limeneli. Maroketi ambiri amaulukira kum'mawa kuti atengereko liwiro la dziko lenilenilo, lomwe pa equator ndi 465 m/s. N'chifukwa chake Kourou ku French Guiana, pa madigiri 5 kumpoto kwa equator, ndi malo abwino kuposa Baikonur ku Kazakhstan, pa madigiri 46.

Mukamakwera, kukoka kumachepa ndipo liwiro lofunika limatsika. Lipezeni potenga 398,600 (nambala yosasintha yoimira kukoka kwa dziko lathu), kugawa ndi r m'makilomita, kenako square root. Yankho limatuluka m'makilomita pa sekondi. Pa makilomita 35,786 pamwamba pa equator, r ndi 42,164 (pa equator dziko ndi lofufumako pang'ono kuposa 6,371 uja), liwiro ndi 3.07, ndipo ulendo umodzi umatenga maola 23 ndi mphindi 56, ndendende nthawi imene dziko limatenga kuti litembenuke kamodzi. Dishi ya TV imene ili padenga ikuloza setilaiti ya kumeneko, n'chifukwa chake akaimanga bwino safunikanso kuitembenuza. Mwezi uli pa makilomita 384,400, umayenda pang'ono kuposa kilomita imodzi pa sekondi, ndipo v²/r wake ndi 0.0027 m/s². Mtundawo ndi wowirikiza ka 60 poyerekeza ndi 6,371, ndipo mukagawa 9.8 ndi 60 × 60 mupeza 0.0027 yomweyo. Newton anagwiritsa ntchito masamu amenewa posonyeza kuti chokoka mwezi ndi chomwecho chimene chimagwetsa mwala.

Zimene zimavuta m'njira yozungulira

Pa makilomita 400 mpweya sunatheretu. Ulipo wochepa kwambiri, koma pa liwiro lotere umakhuza siteshoni mokwanira kuitsitsa ndi makilomita pafupifupi awiri pa mwezi, ndipo dzuwa likakhala lolusa umatsitsa kwambiri, chifukwa limatenthetsa mpweya wa kumtunda n'kuufufumitsa. Nthawi ndi nthawi amayatsa injini za chombo cha Progress kapena za chigawo cha Zvezda kuti aikwezenso. Skylab, siteshoni yakale ya America, inasowa woikweza ndipo inagwa pa 11 July 1979, zidutswa zina n'kufika kumadzulo kwa Australia. Mu February 2022 masetilaiti a Starlink 38 mwa 49 amene anali atangoponyedwa anabwerera n'kupsa, chifukwa anaikidwa pansi kwambiri, cha m'ma 210 km, panthawi imene chimphepo cha maginito chochokera ku dzuwa chinakulitsa mpweya wa kumeneko. Chodabwitsa n'chakuti kukhuza kwa mpweya sikusiya setilaiti ikuyenda pang'onopang'ono. Imatsikira m'njira yapansi, komwe liwiro ndi lalikulu, ndiye imathamanga kwambiri, kukumana ndi mpweya wochuluka, n'kutsika msanga.

Kutembenuka kwa zinthu kotereku kunasokoneza ngakhale akatswiri. Pa 3 June 1965 James McDivitt, ali m'chombo cha America cha Gemini 4, anayesa kuyandikira gawo la roketi imene inawakweza. Analozetsa chombo kumeneko n'kuyatsa injini, monga aliyense woyendetsa ndege akanachitira, koma gawolo linkangotalikira, mpaka anasiya atatentha mafuta ambiri. Chifukwa chake chili m'manambala. Pa mtunda ngati wa ISS, mukawonjezera 1 m/s yokha kutsogolo, v²/r imafuna kukoka koposa kumene dziko likupereka pamenepo, ndiye chombo chimakhota mochepa n'kukwera. Chikafika mbali ina ya dziko chimakhala chakwera makilomita 3.5, njira yatalika, liwiro latsika, ndipo pomaliza ulendo umodzi chili makilomita pafupifupi 17 kumbuyo kwa pomwe chikanakhala. Kuti mupeze amene ali kutsogolo, mumayatsa injini mobweza, mutsike, muthamange cham'munsi, kenako mukwerenso pomwe iye ali. Kilomita iliyonse imene muli pansi pake imakupindulirani makilomita 9.4 pa ulendo umodzi. Wally Schirra anachita motsatira masamu amenewa pa 15 December chaka chomwecho, n'kufikitsa Gemini 6A pafupi kwambiri ndi Gemini 7. Pobwerera kunyumba lamulo ndi lomwelo. Chombo cha Soyuz sichilozetsa injini kuti chikankhidwire pansi. Chimadula liwiro ndi pang'ono kuposa 100 m/s pa 7,670, ndipo mbali ina ya njira yake imalowa mumpweya, womwe umamaliza ntchito yotsala.

Kuizunguza siteshoni

Gawo lachiwiri la funso lanu mwaganiza bwino, ndipo vuto limene mukufuna kuthetsa ndi lenileni. Munthu wokhala moyandama amataya 1 mpaka 1.5 peresenti ya kulimba kwa mafupa a m'chiuno ndi a msana mwezi uliwonse ngati salimbana nazo, minofu imafota, ndipo a mu ISS amachita masewera olimbitsa thupi pafupifupi maola awiri tsiku lililonse. Madzi a m'chitini aja amasonyeza njira: iwo akufuna kupita molunjika, pansi pa chitini pakuwakankhira pakati, ndipo kukankhako ndiko kulemera kumene akumva. Mu siteshoni yozungulira munthu amaima pa khoma lakunja, mutu utaloza pakati. Wernher von Braun anafotokoza siteshoni yooneka ngati gudumu mu 1952, ya mamita 76 m'mimba mwake, yozungulira pafupifupi katatu pa mphindi kuti ipereke gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa pansi pano.

Kuti mupeze kulemera konse kwa 9.8 m/s², pali chidule: r m'mamita ndi 894 wogawidwa ndi rpm × rpm, pomwe rpm ndi maulendo ozungulira pa mphindi. Pa 1 rpm mufuna mamita 894 kuchokera pakati, pa 2 rpm mamita 224, pa 4 rpm mamita 56, pa 10 rpm mamita 9 okha. Munthu angathamangire kusankha 10 rpm kuti amange kanthu kakang'ono, koma thupi limakana.

Limayamba kukana ndi khutu. M'kati mwa khutu muli timachubu titatu tokhota tokhala ndi madzi, timene timauza ubongo kuti mutu ukutembenukira kuti. M'chipinda chozungulira, mukatembenuza mutu cham'mbali madziwo amasunthira m'chubu cholakwika, khutu limanena kuti mukugubuduzika pomwe maso akuona kuti mwaima, ndipo zotsatira zake ndi chizungulire, mseru ndi kusanza. Ashton Graybiel ndi anzake anayesa anthu m'chipinda chozungulira ku Pensacola, ku America, m'zaka za m'ma 1960. Pa 1 kapena 2 rpm pafupifupi aliyense analibe vuto, koma pa 10 rpm ngakhale oyendetsa ndege anavutika masiku angapo. Kafukufuku wa pambuyo pake wasonyeza kuti kukweza liwiro pang'onopang'ono kumathandiza anthu kuzolowera, komabe okonza mapulani ambiri sakonda kupitirira 4 mpaka 6 rpm.

Kenako pali kusiyana kwa kumutu ndi kumapazi. Kulemera kumakula ndi r, ndiye m'gudumu la mamita 9 munthu wotalika mamita 1.8 mutu wake umapepuka ndi 20 peresenti poyerekeza ndi mapazi, ndipo chilichonse chimene akunyamula pansi chimasintha kulemera akamachikweza.

Chachitatu, chomwe chimaiwalika kawirikawiri, ndi chakuti kuyenda kwanu kumalowa mu v. Tengani gudumu la mamita 56 pa 4 rpm, lomwe pansi pake pakuthamanga 23.4 m/s. Mukathamanga 3 m/s kutsata komwe likuzungulira, v yanu ndi 26.4 ndipo mumalemera ndi 27 peresenti yowonjezera. Mukatembenuka n'kuthamangira mbali inayo, v ndi 20.4 ndipo mumapepuka ndi 24 peresenti. Mukakwera makwerero oloza pakati pa 1 m/s, munthu wa makilogalamu 70 amamva ngati wina akumukankhira cham'mbali ndi kulemera kwa makilogalamu 6. Supuni ikapulumuka m'manja pa mamita 1.5 siigwera pamapazi, imagwera masentimita pafupifupi 24 kumbuyo, chifukwa pamene inali m'manja inali pafupi ndi pakati, ikuyenda pang'onopang'ono kuposa pansi. M'gudumu la mamita 224 kupatukako kumatsika kufika masentimita 12. Zonsezi zimachepa gudumu likamakula, ndipo ndalama zimakwera nalo limodzi.

ISS yeniyeniyo siingazunguzidwe konse. Ndi yolemera matani oposa 400 ndipo ndi yotalika mamita 109 kuchokera kunsonga ina kufika kunsonga inayo, koma molumikizira zigawo zake sanamangemo kuti munyamule kulemera kotere. Mapanelo a sola ayenera kuyang'ana dzuwa, zotayira kutentha ziyenera kulipewa, ndipo zombo zobweretsa anthu ndi katundu zimafuna khomo losasuntha. Kuposa zonsezi, anaimanga dala kuti ikhale malo ofufuzira zimene zimachitika zinthu zikamayandama. Kuizunguza kungakhale kuwononga ntchito imene anaimangira.

Pa ulendo wautali, monga wa ku Mars, njira imene ine ndimaiona yanzeru si gudumu lathunthu koma chingwe: chipinda cha anthu mbali imodzi, gawo la roketi lotha ntchito mbali inayo, ziwirizo n'kumazungulirana. Pete Conrad ndi Richard Gordon anayesa zimenezi mu September 1966, atalumikiza Gemini 11 ndi chombo cha Agena pa chingwe cha mamita 30. Anavutika kuchikunga chifukwa chinkangopindika n'kugwedezeka, ndipo atazungulira pang'onopang'ono anapeza kulemera kwa 0.00015 chabe poyerekeza ndi kwa pansi pano. Kukhazikitsa kuzungulirako sikudya mafuta ambiri, pakuti pa 2 rpm chipinda chimafuna 47 m/s yokha. Chovuta ndi chakuti chipinda cha matani 40 chimakoka chingwe ndi kulemera konse kwa matani 40 usana ndi usiku, m'malo momwe kachidutswa kothamanga kangachidule, choncho pamafunika zingwe zingapo zolukana. Anthu ndi katundu akasuntha, pakati pa kulemera pamasunthanso ndipo chombo chimayamba kugwedera, zomwe zimafuna kupopa madzi kuchoka m'thanki ina kupita m'ina kuti chikhazikike. Kuwongola njira ya ulendo chombo chikuzungulira nakonso kumafuna kuyatsa injini pang'onopang'ono, panthawi yowerengedwa bwino. Mukavomera kulemera kwa ku Mars, 3.7 m/s², m'malo mwa kwa pansi pano, pa 4 rpm r amatsika kufika mamita 21, ndipo chingwe chimanyamula zosakwana theka.

Zimene zachitikadi mpaka pano ndi makina ang'onoang'ono ozungulira m'kati mwa siteshoni. Japan inamangira ISS chigawo chokhala ndi makina otere a mamita 2.5 m'mimba mwake, koma ntchitoyo inaimitsidwa mu 2005 ndipo chigawocho chinatsala pansi ku Tsukuba, ku Japan komweko. Mu 2016 JAXA, bungwe la Japan loona za m'mlengalenga, linasunga mbewa 12 mu Kibo, chigawo chake cha pa ISS, kwa masiku 35, zisanu ndi imodzi zikuyandama, zisanu ndi imodzi zili m'makina ozungulira opereka kulemera kwa pansi pano. Zoyandamazo zinabwerera mafupa ndi minofu zitachepa, pomwe za m'makina zinali zofanana kwambiri ndi zinzake zimene zinatsala padziko. Kwa munthu, makina a r wa mamita awiri amafuna 21 rpm kuti kumapazi kufike 9.8 m/s². Pa liwiro limenelo sangayendemo kapena kugwiramo ntchito. Ayenera kugona chagada, mutu pafupi ndi pakati ndiponso wogwiridwa kuti usatembenuke, mapazi ataponda thabwa la kunja, kwa kanthawi tsiku lililonse ngati kumwa mankhwala. Makinawo afunikanso cholemera china chozungulira mobwerera ndi zoyamwa kunjenjemera, kuti asapotoze chombo chonse kapena kusokoneza kafukufuku wa m'zipinda zoyandikana nawo.